Timugulire chiyani mwanayu? Zidole za m'shopu, za pakaunjika ndi zopanga tokha

Mng'ono wanga wa ku Chinamwali anandiimbira Lachitatu lapitali ali pakati pa tauni ya Zomba. Mwana wake wakwanitsa chaka ndi miyezi iwiri, wayamba kuyenda mogwiririra mipando, ndipo bambo ake a mwanayo anali atapatula kandalama koti amugulire chosewerera. "Achemwali, inu mwalera atatu, tandiuzani ndigule chiti. Kuno mutu wangondiima," anatero. Anali ataona magalimoto owala, mafoni oimba nyimbo, zidole zaubweya, ndi woka, kampando ka mawilo kokhazikamo mwana wosayamba kuyenda, amene wogulitsa ankati mwana akakweramo sabata imodzi ayamba kuthamanga. Ndinamuuza kuti abweze kaye ndalamayo m'chikwama, tikambirane madzulo. Zimene tinakambiranazo ndi zimene ndalemba pano, chifukwa funso lomweli ndimalimva kusikelo, kutchalitchi ndi pamzere wa kuchigayo.

Ndisanagule chidole cha mwana wosakwana zaka zitatu, ndimadzifunsa zinthu ziwiri. Pamasewerawo akugwira ntchito ndani, mwana kapena chidole? Nanga pali kanthu pamenepa kamene kangalowe pakhosi? Funso lachiwirili lili ndi muyeso wake. Ku Ulaya ndi ku America amayesa zidole ndi kachubu kotakata masentimita 3.17, ndipo chilichonse chokwana m'menemo sachilola kwa mwana wosakwana zaka zitatu. Ife kachubuko tilibe, koma kakatoni kotsala tishu akatha kamagwira ntchito yomweyo. Chimene chadutsa m'menemo, kaya ndi wilo la kagalimoto, mkanda, chitsekerero cha botolo kapena ndalama yachitsulo, chichoke pamene mwana akusewerera.

Zoimba ndi zowala za m'shopu

Sindinyoza kholo limene lagula zimenezi, poti nanenso ndinayambira pomwepo. Wachisamba wanga ali ndi chaka ndi miyezi itatu ndinamugulira kagalimoto kofiira kowala mbali zonse, koimba ukakadina pamwamba. Tsiku loyamba nyumba yonse inali chimwemwe. Anadina, kanaimba, anaseka, anadinanso. Pofika Loweruka anali atabwerera ku chivindikiro cha poto. Panalibe chotsala choti achite nako: kuimba kankaimba kokha, kuyenda kankayenda kokha, yake inali kuonerera basi.

Mu 2016 magazini ya madokotala a ana ya JAMA Pediatrics inafalitsa kafukufuku wa Anna Sosa wa ku Northern Arizona University. Anajambula mawu m'nyumba za mabanja 26 a ana a miyezi 10 mpaka 16, makolo akusewera nawo ndi zidole zamabatire, zidole wamba monga mabuloko, komanso mabuku. Pa zidole zamabatire makolo ankalankhula mawu ochepa ndipo ankamuyankha mwana mwa apo ndi apo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: chidole chikamalankhula, ife timakhala chete. Komatu mwana wa msinkhu umenewu chilankhulo amachitola pakamwa pa amayi ake, pa anganga, pa achimwene ake, pamene iye wati "ba-ba" wina n'kumuyankha kuti "eya, ababa abwera". Kanyimbo ka Chingerezi kobwerezabwereza sikamuyankha.

Kagalimoto kaja ndinakataya pa chifukwa china chachikulu. Mmawa wina ndikusesa pakhonde ndinaona mwana wakhala duu pamkeka, wakunga chibakera. Nditamutambasula zala ndinapeza kabatire kozungulira, konyezimira ngati ndalama yachitsulo, konyowa ndi malovu. Mtima unangoti myuu. Kachitseko ka mabatire kanalibe sikuluwu, kanatseguka kokha galimotoyo itagwa pasimenti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Batire lotere likakakamira kummero, malovu amalumikiza mbali zake ziwiri, ndipo mphamvu ya magetsi imapanga mankhwala owotcha ngati kositiki wopangira sopo. Pa maola awiri okha limatha kuwotcha mnofu moopsa, ngakhale batire limene mukuti latha. Mwana amatha kuoneka bwinobwino poyamba. Mukangoganiza kuti wameza, musamusanzitse, musadikire kuti lituluka ndi chimbudzi. Itanani njinga yamoto muthamangire ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chilichonse chili pafupi, ndipo mukafika nenani pomwepo kuti mwana wameza batire. Timabatire timeneti tili m'mawotchi, m'marimoti ena ndi m'zidole zambiri zowala.

Za m'shopu sizoipa zonse. Makapu olowetsana, mphete zazikulu zoveka pa kamtengo, mpira wa labala ndi mabuloko akuluakulu a pulasitiki ndi zabwino, ndipo nthawi zambiri ndi zomwe zimakhala zotchipa chifukwa siziwala. Yang'anani pa katoni: mukaona nkhope ya khanda m'kati mwa mzere wofiira wozungulira, yodulidwa, pali 0-3, ndiye kuti si cha mwana wanu wamng'onoyo. Zilembo za CE, zosonyeza kuti chidole chikutsata malamulo a chitetezo a ku Ulaya, zimathandiza, koma aliyense angathe kuzidinda, choncho musadalire zimenezo zokha. Nunkhizani. Chikakhala ndi fungo lamphamvu ngati la tayala, chisiyeni. Kokani mawilo, kokani maso, gwedezani. Kumbukiraninso kuti chidole chamabatire mumachigula kangapo, chifukwa mabatire akatha mubwereranso kushopu, ndipo chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja sanatsikenso mtengo.

Pakaunjika

Ngati mwatsimikiza zogula cha pulasitiki, ine ndingayambire pakaunjika, mumsika waukulu kapena tsiku la msika ku Thondwe ndi ku Songani. Pamulu wa zidole pamapezeka zinthu za Fisher-Price, Mega Bloks ndi Duplo zimene zalera kale ana awiri kapena atatu kwinakwake koma zikadali zolimba. Duplo ndi yomwe ndimaikonda kwambiri. Kampani ya Lego inayamba kuigulitsa mu 1969, ndipo buloko iliyonse ndi yaikulu kawiri m'litali, m'lifupi ndi msinkhu poyerekeza ndi Lego wamba, kuti mwana wamng'ono asameze. Mwana wa chaka chimodzi amangozilekanitsa, wa zaka ziwiri amasanja, wa zaka zinayi amamanga garaja. Thumba limodzi limatumikira zaka zambiri. Mukagwirizana ndi wogulitsa kuti akuuzeni tsiku lotsegula belo, mumasankha zisanatengedwe.

Vuto la pakaunjika ndi loti katoni yake inatsala kutali, ndiye palibe chokuuzani msinkhu woyenera. M'thumba la Duplo mumatha kusakanikirana timabuloko ting'onoting'ono ta ana akuluakulu, choncho khuthulani pamkeka muyese chimodzichimodzi. Komanso simungadziwe mbiri ya chidolecho. Mu 2007 kampani ya Mattel inabweza zidole mamiliyoni kuchokera m'masitolo chifukwa cha penti ya mtovu ndi timaginito tothothoka. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Maginito nawonso ndi oopsa mwa njira yawo: mwana akameza awiri, amakokana ali m'matumbo osiyana, n'kufinya mnofu pakati mpaka kuuboola. N'chifukwa chake chidole chakale chimene penti ikusupuka, kapena chili ndi maginito, sindichitenga ngakhale andipatse chaulere. Chamabatire chimene m'kati mwachita zoyerayera ngati mchere, chimodzimodzi.

Zidole zaubweya zapakaunjika ana amazikonda, amazibereka, amagona nazo. Sankhani cha maso osokedwa ndi ulusi. Cha maso a mabatani, kokani mwamphamvu, akagwedera chotsani musoke nokha. Chapani ndi madzi otentha ndi sopo, muyanike padzuwa mpaka m'kati muume, makamaka miyezi ya chiperoni pamene chinyontho sichichedwa kubweretsa nkhungu. Khanda losakwana chaka lisagone nacho pabedi.

Kwa kalipentala

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Zomba ndi dziko la matabwa, paini wa m'phirimu amafika pa shedi iliyonse, ndipo pansi pa benchi ya kalipentala pamadzaza zidutswa zimene mawa lake zikasonkhera moto. Ine ndinapita kwa mmisiri wina wa kwathu ku Matawale, ndinati, "Bambo, mundidulireko zidutswazi, zina ngati sopo wosambira, zina zazitaliko, zina za ngodya zitatu, koma chilichonse chikhale chachikulu kuposa chibakera cha mwana." Anadabwa kaye, kenako anazidula, anazikwecha ndi sandipepa mpaka m'mphepete monse munasalala. Ndinapereka ya ntchito ya manja basi.

Zidutswa zimenezo zakhala zonse m'nyumba mwanga. Wachiwiri wanga ali ndi chaka ndi theka ankasanja ziwiri, zitatu, lilime lili panja, n'kuzigwetsa gubudu, n'kundiyang'ana kuti ndinena chiyani. Ndikati "zagwa!" ankaseka mpaka kugwa chagada, ndipo "gwa" linali limodzi mwa mawu ake oyamba. Atakwana zaka zitatu zidutswa zomwezo zinasanduka minibasi ya ku Liwonde, iye kondakitala, kuitanira anthu. Kenako zinakhala mlatho wa pa Likangala, kenako sitolo ya tomato. Pamenepo ntchito yonse ikugwiridwa ndi mwana. Akuyesa chimene chikhazikika ndi chimene chigwa, akuwerenga, akupeka nkhani, ndipo munthu wamkulu amene ali pafupi sangakhale chete.

Muwauze amisiri zinthu zingapo momveka. Asapake penti kapena vanishi, chifukwa zonsezi zikathera m'kamwa, ndipo penti yamafuta ina imakhala ndi mtovu. Thabwa likhale latsopano, losapakidwa mankhwala a chiswe, osati la chitseko chakale. Pasakhale msomali kapena kachitsulo kalikonse. Mukafika kunyumba pititsani chidutswa chilichonse pa tsaya lanu, mukamva kukanda bwezani akakwechenso. Choipa chake n'choti mwana akaponya thabwa limapweteka, ndipo paini akagona pamvula amachita nkhungu, ndiye madzulo zizilowa m'nyumba.

Galimoto yawaya ndi yokongola, ndipo achimwene ake akamupangira mwana amanyada nayo, koma nsonga za waya ndi timawilo take si za mwana wa zaka ziwiri. Idikire afike zaka zinayi kapena zisanu.

Za kukhitchini ndi za pabwalo

Poto ndi chipande. Makapu atatu osiyana kukula. Chigubu chodula pamwamba choponyamo zitsononkho. Chigoba cha malambe chosasweka, chimene chimachita phokoso mukachigwedeza. Chitenje chobisira nkhope. Mwana wa nsanza woti abereke. Zonsezi tinaseweretsa ifeyo, ndipo chimene chimandipweteka n'choti masiku ano mayi amachita manyazi alendo akapeza mwana wake akusewera ndi zimenezi, ngati kuti ndi chizindikiro cha umphawi. Manyazi amenewo alibe maziko.

Mu 1986 ndi 1987, mumzinda wa Kingston ku Jamaica, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor linayamba kutsatira ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa anawo ankayenderedwa ndi alangizi a zaumoyo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri. Mlangizi ankabwera ndi zidole zopanga pamanja ndi timabuku ta zithunzi, n'kuwaonetsa amayi mmene angasewerere ndi kucheza ndi mwana wawo. Patatha zaka pafupifupi 20 anawafunafuna anawo ali akuluakulu, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu magazini ya Science mu 2014 zinaonetsa kuti omwe ankayenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo opinimbira amene sanayenderedwe. Zidole zake zinali zonga zathuzi. Chimene chinasintha moyo wa anawo chinali mayi wokhala pansi, akusewera ndi kulankhula ndi mwana wake. Alezi a m'sukulu za mkombaphala amadziwa zimenezi, ndipo mukalowa m'kalasi mwawo mupeza makatoni, zitini ndi ana a nsanza.

Pamenepa ndi pomwe pali kufooka kwa njira imeneyi. Poto woponyera mwana ndi mawu akuti "kasewere uko" ndi poto chabe. Amasanduka chidole pamene mwagogoda kawiri n'kudikira kuti iye agogode, pamene mwabisa chitsononkho pansi pake n'kufunsa kuti "chili kuti?" Sizifuna tsiku lonse. Mphindi zimene mukudikira madzi a nsima awire ndi zokwanira, ndipo abambo, anganga ndi achemwali ake angathe kulandirana.

Zopanga tokha zili ndi ngozi zakenso, tisazibise. Botolo la nyemba logwedeza ndi labwino pokhapokha chitsekerero chamatidwa ndi kukulungidwa zolimba, apo ayi nyembazo zikathera m'mphuno. Chikulunga cha majumbo chikayamba kumasuka chichotseni, jumbo limatseka mpweya. Kwa wamng'ono mpira wa nsanza ndi wabwinopo. Baluni ikaphulika tolani zidutswa zonse nthawi yomweyo, chifukwa kachidutswa kake kamamatirira pakhosi. Chingwe chilichonse chotha kuzungulira khosi chidulidwe. Madzi ana amawakonda kwambiri, kuthira ndi kukhuthula, koma mwana wamng'ono amamira ngakhale m'beseni la madzi ochepa, ndiye musamusiye yekha ngakhale pothamangira kukaphula ndiwo. Ndipo ayalireni mkeka pamalo posesa, kutali ndi zitosi za nkhuku, popeza chimene chagwa pansi chimabwerera m'kamwa.

Woka

Uyu ndimakana mosabisa. Dziko la Canada linaletsa kugulitsa woka mu 2004, ndipo bungwe la madokotala a ana ku America lakhala likupempha chimodzimodzi. Woka saphunzitsa mwana kuyenda. Mwana amakhala atapachikika, akukankha ndi zala za kumapazi, osaphunzira kudzisunga yekha kapena kugwa n'kudzuka. Chimene woka amamupatsa ndi liwiro, pafupifupi mita imodzi pa sekondi, ndi msinkhu wofikira zinthu zimene sakanazifikira. Ganizirani nyumba zathu za kuno kumunsi kwa phiri, khonde lokwera la masitepe atatu, mbaula ili pansi, poto wa phala patebulo. Ngozi imachitika munthu wamkulu ali pomwepo.

M'malo mwake muuzeni kalipentala yemwe uja apange kangolo kokankha, kotakata pansi, ka chogwirira chofika pachifuwa cha mwana, muikemo zidutswa zija kuti kalemere kasathawe. Mpando wapulasitiki wokankha pasimenti umagwiranso ntchito. Akakwana zaka ziwiri, kanjinga kopanda mapedulo, koyendetsa ndi mapazi, ndi kabwino kuposa ka mawilo atatu, chifukwa kamamuphunzitsa kukhazikika. Pakaunjika kamapezeka mwa apo ndi apo.

Foni ndi buku

Ndikudziwa kuti foni imatontholetsa mwana msanga kuposa china chilichonse, ndipo mayi amene ali ndi zochapa, zophika ndi geni amafuna mphindi zopuma. Komabe malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO a mu 2019 akunena momveka: wosakwana zaka ziwiri asamaonere foni kapena TV, wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Malangizo omwewo akuti mwana wa chaka chimodzi kupita m'tsogolo azitakataka maola atatu patsiku, ndipo asamangike malo amodzi kupitirira ola, kuphatikizapo kumbuyo kwa amayi. Kubereka sitingasiye, koma tikafika kumene tikupita tizimutsitsa pamkeka. Kulankhula pa vidiyo ndi abambo ali ku Johannesburg ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo pali munthu amene akumuyankha. Tabuleti ya ana imene amati ndi yophunzitsa, kwa wosakwana zaka zitatu, ndi ndalama yotaya.

Buku la masamba olimba a katoni ndi lotchipa pakaunjika, ndipo Chingerezi chake chisakuopseni. Musawerenge zolembedwazo, lozani chithunzi muzicheza m'Chichewa kapena m'Chiyao: "Uyu ndani? Galu! Amalira bwanji?" Kalendala yakale yomatidwa pa katoni imachita zomwezo.

Mng'ono wanga anafunsa kuti agule zingati. Ndinamuuza za ofufuza a ku University of Toledo amene mu 2018 anafalitsa zimene anaona pa ana 36 a miyezi 18 mpaka 30: atawapatsa zidole zinayi, ankasewera nthawi yaitali ndi chidole chimodzi ndiponso m'njira zambiri kuposa pamene anawapatsa zidole 16. Loweruka tinatengana. Kwa kalipentala tinasiya oda ya zidutswa khumi ndi ziwiri ndi kangolo. Pakaunjika tinapeza mabuku awiri ndi kathumba ka Duplo, ndipo titakhuthula kunyumba tinachotsamo timabuloko titatu todutsa m'kakatoni ka tishu. M'shopu tinagula mpira wa labala basi. Chenji anagulira mazira. Duplo ndi buku limodzi taziika m'katoni pamwamba pa wadirobu, zidzatsika pakatha masabata awiri pamene zinazo zidzakwere. Pamene ndinkatsanzika, anganga ake anali atakhala pamkeka miyendo atatambasula, akugubuduza mpira uja, mwana akuuthamangira chokwawa n'kuubweza ndi manja awiri.